Kodi Mumadziwa? Mitsinje ya m'Maiko Ongopeka

Pali anthu, ndipo ngochuluka ndithu, amene amasangalala ndi kujambula mapu a maiko omwe kulibe. Ena ndi olemba mabuku a nthano zazitali za mafumu, mfiti ndi zinjoka zolavula moto. Ena ndi opanga magemu. Ena amangokonda pensulo ndi pepala basi. Amayamba ndi gombe, kenako mapiri, nkhalango ndi mizinda ya mayina opinda lilime, pomaliza nkukoka mizere ya buluu. Ambiri amapunthwa pa mizere ya buluu pomwepo.

Kodi mumadziwa kuti pakati pa ojambula mapu otere pali anthu omwe amatchedwa mwanthabwala kuti "apolisi a mitsinje"? Si bungwe lolembetsedwa ayi. Ndi dzina chabe la anthu aja oti ukawaonetsa mapu ako oyamba, omwe wachezera nawo usiku wonse, sayang'ana mayina okoma a mizinda kapena chinjoka chomwe wajambula pakona. Diso lawo limathamangira kumtsinje, nkufunsa kuti, "Madziwa akuchokera kuti, nanga akulowera kuti?" Amatopetsa, koma kawirikawiri amakhala akunena zoona. Mfumu mutha kuipatsa mitu iwiri owerenga nkuvomera. Mtsinje wokwera phiri aliyense amaukana, chifukwa tonse tidaonapo madzi a mvula akuyenda pabwalo.

Kodi mumadziwa kuti mitsinje imakumana, sigawikana? Cholakwa chofala kwambiri pa mapu oyamba ndi mtsinje wochoka kuphiri uli umodzi, pakati panjira nkuchita mphanda, nthambi ina kulowera kunyanja ya kummawa, ina kumadzulo. Pansi pano zimayenda mosemphana. Lingadzi amathira mu Lilongwe, Lilongwe mu Linthipe, Linthipe m'nyanja ya Malawi cha ku Salima. Ruo amathira mu Shire pa Chiromo, Shire mu Zambezi, Zambezi m'nyanja yamchere. Chifukwa chake nchosavuta: madzi akapeza njira ziwiri, imodzi imakhala yotsikirapo pang'ono. Imeneyo imakoka madzi ambiri, imakumbika msanga, ndipo inzake imadzaza mchenga mpaka kuuma. Mtsinje wojambulidwa bwino umaoneka ngati mtengo, nthambi kumapiri, thunthu kunyanja. Mukaona nthambi zaloza kunyanja, dziwani kuti mtengowo mwaudzala chadodolido. Makolo athu nawo popeka mtsinje sadalakwitse: Tinkanena uja adakathera mu Siizi, sadagawikane panjira.

Nanga mumadziwa kuti palibe mtsinje wochoka m'nyanja yamchere nkukathira m'nyanja ina yamchere? Mbali zonse ziwiri madzi ali pamlingo pafupifupi umodzi, ndiye palibe chowakankha kuti ayende mbali imodzi chaka chonse. Mzere wa buluu wodula dziko pakati kuchoka gombe lino kukafika gombe linalo ndi ngalande yokumba anthu, apo ayi ndi kampata ka nyanja, ndipo madzi ake ngamchere. Ngalande ya Suez, yomwe idatsegulidwa mu 1869, ili choncho. Ya Panama, ya mu 1914, idapeza mtunda pakati, kotero sitima zimachita kukwezedwa ndi zitseko za madzi mamita pafupifupi 26 kuti zifike panyanja ya Gatun, kenako nkutsitsidwanso mbali inayo. Ngati mapu anu ali ndi ngalande yotere, mudzifunse kuti adaikumba ndani, ndipo akulipiritsa msonkho podutsapo ndani. Mwapezatu mutu wa nkhani.

Kodi mumadziwa kuti kumpoto si kumtunda? Poti pa mapu kumpoto kumakhala pamwamba pa pepala, dzanja limangofuna kutsitsa mitsinje yonse kuloza pansi. Madzi sadziwa kampasi. Nile amalowera kumpoto. Rhine, Mackenzie ndi Luapula chimodzimodzi. South Rukuru amayambira kummwera kwa boma la Mzimba, nkuyenda ulendo wautali kuloza kumpoto asanakhotere kunyanja. Congo ndiye amawoloka ikweta kawiri. Ku Siberia, mitsinje ikuluikulu ya Ob, Yenisei ndi Lena imalowera kumpoto kozizira, zomwe zimabala vuto lachilendo: kumtunda kwake, komwe ndi kummwera, ayezi amasungunuka msanga kumunsi kukadali kouma gwa. Madzi amasowa kolowera, nkusefukira m'midzi.

Kodi mumadziwa kuti nyanja ya madzi abwino imalandira mitsinje yambiri koma imatulutsa umodzi wokha? M'nyanja ya Malawi mumathira Songwe, North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, Ruhuhu wa ku Tanzania ndi ina yambiri, koma khomo lotulukira ndi limodzi, Shire pa Mangochi. Victoria amatulutsa Nile yekha pa Jinja. Tanganyika ali ndi Lukuga. Baikal wa ku Russia amalandira mitsinje yopitirira 300 nkutulutsa Angara basi. Madzi akamakwera m'nyanja amayamba kutayikira pamalo otsikitsitsa a m'mphepete mwake, ndipo akangoyamba kutuluka pamenepo sakweranso kufika pamalo achiwiri. Zosemphana ndi izi zilipo koma nzowerengeka. Nyanja ya Wollaston ku Canada imatulutsa mitsinje iwiri, wina wopita kunyanja ya Arctic, wina ku Hudson Bay, ndipo kutchuka kwake nkomweko.

Khomo limodzilo limathanso kutsekeka. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 nyanja ya Malawi idatsika kwambiri moti Shire adasiya kutuluka, mchenga ndi zomera zitatseka pakhomo. Madzi ambiri omwe nyanjayi imataya amapita ndi dzuwa, Shire amangonyamula gawo lochepa, nchifukwa chake zaka zingapo za mvula yochepa zimakwanira kumufooketsa. Lero magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pa mtsinje womwewo. Wolemba nthano wofuna tsoka logwedeza ufumu wonse asavutike kuitana chinjoka.

Kodi mumadziwa kuti si mtsinje uliwonse umafika kunyanja yamchere? Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe amathira mu Chilwa, ndipo Chilwa satulutsa mtsinje. Madzi amachoka ndi dzuwa lokha, mchere nkutsala, nchifukwa chake madzi ake ngamcherechere. Nyanja yotere siikhazikika: Chilwa adauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu lidaumanso, mabwato a ku Kachulu nkukhala pamatope ong'aluka, anthu nkumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Okavango amachokera kumapiri a Angola nkukathera m'madambo a Botswana, osaiona nyanja nkomwe. Volga, mtsinje wautali kuposa yonse ku Ulaya, amathera mu Caspian, yemwenso alibe khomo. Choncho nyanja yopanda potulukira ndi yololedwa pa mapu anu, bola ikhale kumalo a dzuwa lambiri ndi mvula yochepa, ndipo musaike mzinda waukulu womwa madzi ake. Apa wolemba nthano J.R.R. Tolkien adakhoza: nyanja ya Núrnen, mkati mwa dziko lake lopeka la Mordor, imalandira mitsinje koma situlutsa, ndipo iye adaifotokoza kuti ndi ya madzi owawa.

Kodi mumadziwa kuti pali mzere wosaoneka womwe umagawa madzi a mvula, ndipo ambiri a ife tidaimapo pamwamba pake tikugula kabichi? Pa Lizulu, msewu wa M1 umayenda pamsana pa mtunda, ndipo malire a Malawi ndi Mozambique amatsata msana womwewo. Mvula ikagwa, madzi a mbali ino ya msewu amatsikira kummawa, kunyanja ya Malawi. A tsidya linalo, komwe amayi enanso ayala tomato ndi mbatata ya kachewere, amatsikira ku Angónia, kulowa mu Revúbuè, nkukathira mu Zambezi pafupi ndi Tete. Madontho awiri ogwa motalikirana mamita ochepa amayenda maulendo osiyana kotheratu, ndipo ngati la kuno lapulumuka dzuwa la panyanja, amakakumananso kumunsi komwe Shire amathira mu Zambezi. Malire a Malawi ndi Zambia amatsatanso mzere wotere, pakati pa madzi opita ku Luangwa ndi opita kunyanja. A Zambia ndi DRC ku Copperbelt chimodzimodzi, pakati pa Zambezi ndi Congo. Wojambula mapu wanzeru amayamba ndi mizere imeneyi asanakoke mtsinje ndi umodzi womwe. Akatero wapeza ndi malire a maufumu ake omwe.

Mutha kuziyesa nokha pathebulo. Tengani pepala, likwinyeni m'manja, kenako litambasuleni pang'ono lisachite kuwongokeratu. Pakani inki yosungunuka m'madzi pa timisana tonse totukuka, nkuwazapo madzi ndi zala. Muona utoto ukutsetsereka mbali zonse ziwiri za msana uliwonse, timizere tikukumana m'makwinya, kwina kukuchita kadziwe kopanda potulukira. Palibe kamzere kolumpha msana. Phunziro lonse la apolisi a mitsinje lili papepala lonyowalo.

Kodi mumadziwa kuti mtsinje utha kuyambira pafupi ndi nyanja nkuifulatira? Niger amayambira kumapiri a Guinea, makilomita pafupifupi 240 kuchokera kunyanja ya Atlantic. Mmalo motsikira pomwepo amalowera mkati mwa dziko, kuloza kuchipululu cha Sahara, kudutsa pafupi ndi Timbuktu, kenako nkukhota kubwerera kummwera, kukathira mu Atlantic yemweyo ku Nigeria atayenda makilomita pafupifupi 4,180. Mwana wasukulu atajambula zotere angauzidwe kuti afufute. Koma madziwo sakulakwa: pakati pa gwero ndi gombe pali mtunda, ndipo kotsika ndi mbali inayo.

Mtsinje womwewu udachititsa manyazi akatswiri. Mungo Park atauona pa Ségou mu 1796 ukuyenda kuloza kummawa, katswiri wa mapu wa ku Britain, James Rennell, adafuna kufotokoza chomwe chimauletsa kutsikira kummwera. Pa mapu ake a mu 1798 adajambula mndandanda wautali wa mapiri otchedwa Kong, wopingasa kumadzulo kwa Africa. Mapiriwo kunalibe. Komabe ojambula ena adangowakopera, mapu ndi mapu, kwa zaka pafupifupi 90. Richard ndi John Lander adatsata Niger mpaka kunyanja mu 1830, koma mapiri a Kong adakhalabe pa mapu mpaka Mfalansa wina, Louis-Gustave Binger, atayenda m'deralo pakati pa 1887 ndi 1889 nkupeza kuti kulibe.

Kodi mumadziwa kuti mapu ambiri a ku Ulaya a zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ankaonetsa chinyanja pakati pa Africa, chotulutsa Nile, Congo ndi mtsinje wina wopita kugombe la kummawa nthawi imodzi? Ndi cholakwa chenicheni chomwe wachinyamata amadzudzulidwa nacho lero. Mu 1855 amishoni awiri a ku Germany okhala pafupi ndi Mombasa, Jakob Erhardt ndi Johannes Rebmann, adamvetsera nkhani za amalonda a maulendo ataliatali nkujambula chinyanja chimodzi chachikulu, ataphatikiza nyanja yathu, Tanganyika ndi Victoria. Mapu olakwikawo ndiwo adautsa chidwi ku London mpaka Burton ndi Speke kutumizidwa kukafufuza. David Livingstone naye adamwalira kwa Chitambo mu 1873 ali ndi chiyembekezo choti Lualaba ndi Nile. Stanley atautsata mtsinjewo mpaka kunyanja mu 1877, udapezeka kuti ndi Congo. Ku Australia, Charles Sturt adanyamuka ku Adelaide mu 1844 atanyamula boti kulowa nalo m'chipululu, pokhulupirira kuti mitsinje yolowera mkati mwa dzikolo ikuthira m'nyanja yaikulu. Botilo adakalisiya komweko.

Kodi mumadziwa kuti ulipo mtsinje womwe umagawikanadi? Kummwera kwa Venezuela, Orinoco amataya gawo la madzi ake mu Casiquiare, mtsinje wa makilomita opitirira 300 womwe umakathira mu Rio Negro, ndipo Rio Negro amathira mu Amazon. Munthu wa bwato atha kuchoka m'chigwa cha mtsinje waukulu umodzi kulowa m'cha unzake osatsika. Eni dera ankadziwa kalekale, koma akatswiri ena ku Ulaya ankakana kuti sizingatheke, mpaka Alexander von Humboldt ndi Aimé Bonpland adapalasa bwato mmenemo mu 1800. Akatswiri a lero amati uku ndi kulanda komwe kukadali mkati: mbali ya Amazon ndi yotsikirapo, ndipo m'kupita kwa zaka zambirimbiri idzatenga madzi onse a kumtunda kwa Orinoco. Ku Wyoming, m'dziko la America, kuli kamfuleni kotchedwa Two Ocean Creek komwe kamagawikana pamsana pa mtunda, madzi ena kupita ku Atlantic, ena ku Pacific. Kufupi ndi kwathu kuno, cha ku Mutarara, Zambezi akadzaza madzi ena amadutsa mu Ziu Ziu kukalowa mu Shire, koma poti Shire amawabwezera mu Zambezi kumunsi, chomwe chimatsala pakati ndi chilumba chabe, cha Inhangoma.

Maganizo anga pa zimenezi ndi awa. Mtsinje umodzi wophwanya lamulo pa mapu ndi chodabwitsa, ndipo anthu a m'dziko lanulo ayenera kumauopa, kuulambira kapena kuumenyera nkhondo. Ikakhala isanu, mwalakwitsa basi. Ndipo yankho loti "ndi matsenga" limamveka ngati matsengawo ali ndi ntchito m'nkhani, osati mwawakumbukira mnzanu atakufunsani.

Mtsinje wogawikana wotchuka kuposa yonse uli pa Genesis 2, pomwe mtsinje wotuluka mu Edene ugawika panayi: Pisoni, Gihoni, Hidikeli ndi Firate. Ojambula mapu a ku Ulaya akale ankauika pa mapu awo, kuphatikizapo mapu aakulu a pachikopa a ku Hereford, a cha mu 1300, omwe amaika Edene pamwamba penipeni, chifukwa kwa iwo pamwamba pa mapu panali kummawa.

Kodi mumadziwa kuti malo amodzi omwe mtsinje uli ndi ufulu wochita mphanda ndi kumathiriro ake? Ukafika pachidikha chakufupi ndi nyanja umafooka, nkutula matope ndi mchenga womwe wanyamula. Umadzitsekera wokha njira, nkuyamba kufunafuna zina. Ndiye delta ija tidaphunzira m'kalasi la jogalafe. Nile amayenda ali mmodzi mpaka kupitirira Cairo, kenako nkugawika kukhala Rosetta ndi Damietta. Zambezi ali ndi makomo angapo, ndipo limodzi mwa iwo, la Chinde, ndilo lidali chipata cha Nyasaland kuyambira mu 1891: katundu ankatsitsidwa m'sitima za panyanja nkukwezedwa m'sitima za mumtsinje zopita ku Chiromo. Minda ya nzimbe ya ku Dwangwa ili pa delta ya mtsinje wa Dwangwa. Koma si mtsinje uliwonse uli nayo. Congo, ndi ukulu wake wonse, alibe, chifukwa pakhomo pake pali chigwembe chakuya pansi pa nyanja chomwe chimameza matope onse. Pa mapu, delta ndi kachigawo kakang'ono kumapeto kwenikweni. Isayambire pakati pa dziko.

Kodi mumadziwa kuti kukhotakhota kwa mtsinje kuli ndi muyeso? Akatswiri awiri a ku America, Luna Leopold ndi Gordon Wolman, adapeza kuti kuchokera pa khoto limodzi kukafika pa lina loloza mbali yomweyo pamakhala mtunda wokwana pafupifupi kakhumi mpaka 14 kutambalala kwa mtsinjewo. Mtsinje wotambalala mamita 50 umabwereza khoto lake pa mamita 500 mpaka 700. Tsono ganizani: pa mapu a kontinenti yathunthu, makhoto otere saoneka nkomwe. Mukajambula mtsinje wopindikapindika kuchoka kuphiri mpaka kunyanja pa mapu otere, mukutiuza kuti mtsinje wanuwo ngotambalala makilomita makumimakumi. Komanso makhotowa ndi a pachidikha. Kumapiri mtsinje umathamanga m'makwawa, kukhota kwake nkotsata ming'alu ya miyala.

Ndipo pachidikha mtsinje sukhala malo amodzi. Songwe, yemwe ndi malire a Malawi ndi Tanzania, amasinthasintha njira kumunsi kwake, moti munda utha kugona uli dziko lino nkudzuka uli tsidya lina madzi atasefukira. Maiko awiriwa akhala akukambirana za momwe angamukhazikitsire. Ku China, mtsinje wa Huang He udasintha njira mu 1855, mathiriro ake nkusamuka kuchoka kummwera kwa Shandong kupita kumpoto kwake, mtunda wa makilomita mazanamazana. Paja madzi saiwala khwawa: njira zakale zomwe mtsinje udasiya ndi zomwe umadzabwereramo chigumula chikafika.

Kodi mumadziwa kuti mtsinje utha kuboola phiri osalikwera? Indus ndi Brahmaputra amayambira kuseri kwa Himalaya nkudula mapiriwo m'zigwembe zakuya koopsa. Kufotokoza kodziwika nkoti mitsinjeyo idalipo kale, mapiri nkumakwera pang'onopang'ono, madzi nkumacheka mwala pa liwiro lofanana. Danube amachita zomwezo pa Iron Gates, pakati pa Serbia ndi Romania. Kwathu kuno onani South Rukuru pa Njakwa, kufupi ndi Rumphi, kapena Shire pa Mpatamanga. Ngati mtsinje wanu uyenera kudutsa mapiri, jambulani mpata woonekera bwino pamenepo, ndipo ikanipo linga la asilikali, chifukwa mfumu iliyonse yoganiza bwino ingaike.

Kodi mumadziwa kuti mtsinje wa m'chipululu umakhala wobwera? Nile akalandira Atbara, kumpoto kwa Khartoum, amayenda makilomita opitirira 2,000 osalandiranso mtsinje wina woyenda chaka chonse. Madzi omwe adalera Igupto ndi mvula ya ku Ethiopia ndi ya kuzungulira nyanja ya Victoria. Orange amatunga ku Lesotho nkukadutsa m'dera louma la malire a South Africa ndi Namibia. Saudi Arabia, dziko lalikulu chotero, lilibe mtsinje ndi umodzi womwe woyenda chaka chonse. Ndiye musanakoke mzere, sankhani komwe mphepo ya mvula imachokera. Mbali ya phiri yoyang'ana mphepoyo imakhala ndi mifuleni yambiri ndi nkhalango, kuseri kwake kumauma. Yerekezani kubiriwira kwa Nkhata Bay ndi kuuma kwa chigwa cha kuseri kwa Viphya.

Kodi mumadziwa kuti ku Cambodia kuli mtsinje womwe umabwerera mmbuyo chaka chilichonse? Nyengo ya mvula Mekong amadzaza kwambiri moti amakankha madzi a Tonle Sap kubwerera kunyanja yomwe amachokera, nyanjayo nkukula kangapo. Mvula ikatha madzi amatembenukanso, ndipo ku Phnom Penh amachita chikondwerero cha mipikisano ya mabwato. Nawonso mzinda wa Chicago udatembenuza mtsinje wake mu 1900, pokumba ngalande kuti zonyansa za mumzinda zisamathire m'nyanja ya Michigan momwe anthu amatunga madzi akumwa. Konse kuwiri madzi akutsikabe. Chomwe chidasintha ndi mbali yomwe yatsika.

Kodi mumadziwa kuti mtsinje ndiwo umasankha pokhala mzinda? Khartoum ali pamakumano a Blue Nile ndi White Nile. Kinshasa ndi Brazzaville ali pamwamba pa mathithi a Congo, pomwe sitima zochokera kumtunda zimalekezera, ndipo Matadi ali kumunsi kwake, pomwe za panyanja zimalekezera. Njanji yolumikiza Matadi ndi Kinshasa idatha mu 1898. Livingstone atakwera Shire mu 1859, sitima yake idakanika pa mathithi a Kapichira. M'chigawo chimenecho Shire amatsika mamita opitirira 300 m'mathithi otsatizana, kotero katundu wochokera kunyanja yamchere ankatsitsidwa kwa Katunga, amtengatenga nkumusenza pamutu kudzera ku Blantyre kukafika ku Matope, komwe ankakweranso sitima yopita kunyanja ya Malawi. Kukula kwa Blantyre ngati mzinda wa malonda kudayambira panjira imeneyo. Mukaika mathithi pa mapu anu, mwabala midzi iwiri ndi msewu pakati pake, kaya mumafuna kaya ayi.

Kodi mumadziwa kuti nawonso mapu a Tolkien amadzudzulidwa? Omwe adatuluka m'buku la The Lord of the Rings mu 1954 adawajambula mwana wake, Christopher, potsata zojambula za bambo ake. Odziwa za miyala ndi nthaka amadandaula ndi mapiri a Mordor, omwe amakhota ngati ngodya za nyumba. Koma Tolkien wamkuluyo sankachita zinthu mwachisawawa. Mu 2015, m'sitolo ya mabuku ya Blackwell's ku Oxford mudapezeka mapu omwe iye adalembapo ndemanga zothandiza wojambula zithunzi Pauline Baynes, ndipo mwa zina adasonyeza kuti mudzi wa Hobbiton uli pa mzere umodzi ndi Oxford, kuti nyengo ndi zomera zigwirizane. George R.R. Martin adakhoza pa Trident, mtsinje wa m'nthano zake: mitsinje itatu imakumana nkukhala umodzi. Ursula K. Le Guin, yemwe adajambula mapu a Earthsea asanalembe buku lake la mu 1968, adadzaza dziko lake ndi zilumba zokhazokha. Sindikunena kuti ankathawa apolisi a mitsinje, koma pachilumba chaching'ono mtsinje ulibe mpata wosochera.

Mukafuna ndemanga zothandiza pa mapu anu oyamba, musangowaponya nkufunsa kuti, "Mukuwaona bwanji?" Mudzangomva kuti "ali bho", kapena mudzalandira mndandanda wa milandu. Lembani pakona kuti sentimita imodzi ikuimira makilomita angati, chifukwa chomwe chili cholondola pa mapu a boma limodzi chitha kukhala chopanda nzeru pa mapu a kontinenti. Ikani timivi ta pensulo tosonyeza komwe mtsinje uliwonse ukulowera. Nthawi zambiri cholakwa mumachiona nokha pa kamuvi kachitatu, pomwe mivi iwiri yalozana. Mzere uyambe wowonda kuphiri, uzinenepa pomwe wina wathiramo. Inunso opereka ndemanga, musathamangire kugamula. Funsani kuti, "Apa pakutsika bwanji?" Mwina mnzanuyo ali ndi Casiquiare wake ndipo adamuganizira bwinobwino.

Kodi mumadziwa kuti mapu oyamba a Treasure Island adatayika? Robert Louis Stevenson adawajambula mu 1881 ku Braemar, ku Scotland, pocheza ndi mwana wake womupeza, ndipo nkhani yonse idaphuka kuchokera pa chilumba chojambulacho. Pokonzekera buku la mu 1883 adatumiza mapuwo kwa osindikiza pamodzi ndi zolemba zake, koma iwo adati sadawalandire. Stevenson adachita kuwerenganso buku lake lomwe tsamba ndi tsamba, kulemba paliponse pomwe adatchula phiri, gombe kapena mtunda, nkujambula mapu atsopano ogwirizana ndi mawuwo. Mapuwo adajambulidwanso mu ofesi ya bambo ake, injiniya wa nsanja zounikira sitima panyanja, ndipo bambowo ndi amene adalembapo siginecha ya Captain Flint wa m'nkhaniyo.